Sitolo ya Magalasi Ikatsegulidwa, Cacikulu ndi Kupimitsa Maso

Kale munthu wa ku Kapata, Mchini kapena Nabvutika akayamba kubvutika ndi maso, anali kuganiza za ulendo wa ku cipatala ca Mwami kapena ca St Francis ku Katete. Ena anali kukwera basi mpaka ku Lusaka kukafuna magalasi cabe. Masiku ano masitolo a magalasi ali kutsegulidwa m'matauni momwemo, ndipo tsiku lotsegulira limakhala ngati la cikwati: hema panja, nyimbo, mlendo wolemekezeka adula riboni, anthu ali ndanda pa mzere popeza kawiri-kawiri eni sitolo amapima maso mwaulere pa tsikulo.

Cikondwerero cotere cili ndi cifukwa cake. Munthu akafika zaka 40 kapena kupitirira pang'ono, kagalasi kacibadwa ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma, ndipo diso limalephera kuona bwino zinthu zapafupi. Telala ayamba kuitana mdzukulu kuti amulowetsere ulusi pa singano. Mai wogulitsa pa msika atalikitsa foni ndi mkono wonse kuti awerenge ndalama zimene zalowa. Bambo amene anali kuwerenga mau ku chalichi ayamba kukana, amvekere "lero ndatopa". Awa si matenda ai, ndipo palibe amene wawalodza. Ndi ukulu cabe, monga imvi, ndipo magalasi owerengera amathetsa bvutoli tsiku lomwelo.

Phindu lake limafika ndi m'thumba momwe. M'caka ca 2018 akatswiri anafalitsa zimene anapeza pakati pa anchito othyola tiyi ku Assam m'dziko la India: amene anapatsidwa magalasi oonera pafupi anathyola tiyi woculuka ndi pafupi-fupi 22 pa 100 kuposa anzao amene analibe. Bungwe la za umoyo la WHO linanena mu 2019 kuti anthu osacepera 1 biliyoni ali ndi bvuto la maso limene likanapewedwa kapena limene silinathandizidwe, ndipo ambiri mwa iwo asowa magalasi okha.

Koma ubwino wa sitolo yatsopano suli pa mafelemu owala amene aikidwa pa zenera. Uli m'kacipinda ka kumbuyo, kumene munthu amakhala pa mpando ndi kuwerenga zilembo za pa khoma, diso limodzi atatseka. Wosadziwa kuwerenga asade nkhawa: pali cithunzi ca cilembo ca E cimene amangolata ndi dzanja kumene miyendo yake yaloza. Pambuyo pake wopima amasintha-sintha timagalasi mpaka apeze mphamvu yoyenera diso lirilonse, pakuti kawiri-kawiri maso awiri a munthu mmodzi salingana. Ici ndico cimene mnyamata wogulitsa magalasi pa thebulo ku msika sangacite. Magalasi ake angathandize kuwerenga, inde, koma iye sayang'ana m'kati mwa diso.

M'kati mwa diso ndimo mubisala matenda amene magalasi sangacize. Ng'ala imacititsa munthu kuona ngati muli nkhungu, ndipo mankhwala ake ndi opaleshoni yaifupi ku cipatala, kumene amacotsa kagalasi kakuda ndi kuikapo kena. Oopsa koposa ndi matenda a glaucoma, amene amagwira kwambiri anthu akuda. Pa ciyambi sawawa konse. Amadya maso kuyambira m'mbali, mwini wake osadziwa, ndipo cimene catayika sicibweranso. Akapezeka msanga, mankhwala odontheza m'maso amawaletsa kupita patsogolo. Odwala shuga nawonso ayenera kupimitsa maso kamodzi pa caka, ngakhale ali kuona bwino. Wopima wodziwa nchito yake akaona zotere samakakamiza munthu kugula magalasi, amalemba kalata yopita nayo ku cipatala.

Ndiye poyamba kulowa m'sitolo yatsopano si kulakwa kufunsa ngati wopimayo analembetsa ku Health Professions Council of Zambia, bungwe limene limapereka zilolezo kwa anchito a za umoyo. Cikalata cake ciyenera kuoneka. Nkwabwinonso kupempha pepala la zimene apeza m'maso, cifukwa nalo munthu angathe kufunsa mitengo kwina. Felemu yodula siwonjezera mphamvu ya galasi.

Makolo asaiwale ana. Mwana amene amatsinzina poyang'ana pa bolodi, kapena amakopera zonse m'buku la mnzake, mwina si waulesi monga amanenera ku sukulu. Mphekesera yakuti magalasi amapha maso a mwana ndi yabodza. Koma mwana wa maso opingasa, kapena amene pakati pa diso lake paoneka poyera, apite naye ku cipatala mwamsanga, osadikira tsiku la kupima kwaulere. Cimodzi-modzi diso lofiira lowawa, lolasidwa ndi kanthu, kapena lozima mwadzidzidzi: limeneli si la ku sitolo, ndipo asathiremo mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga kapena zitsamba, popeza zimenezi zaononga maso ambiri amene akanacira.