Chisanu cha ku Rustenburg sichifuna matayala a ku Ulaya

M'miyezi ya June ndi July, ku Cashan, m'tauni ya Rustenburg, kumacha kukuzizira zedi, moti ena opita kumigodi ya pulatinamu amayamba apukuta chisanu pagalasi asanalize galimoto. Kodi ndiye kuti agule matayala a nyengo yozizira monga amachitira ku Germany? Ayi, kumeneko n'kutaya ndalama.

Matayala amenewo amapangidwa ndi labala wofewa, wogwira bwino msewu kutentha kukatsika pansi pa madigiri 7. Ku Rustenburg kumazizira usiku ndi m'mawa basi. Masana kutentha kumafika cha m'ma 20, msewu wa N4 uli wouma gwa, ndipo labala wofewayo amangodyeka ndi phula. Chipale chofewa chimagwadi ku South Africa: mu September 2024 chinatseka msewu wa N3 pa Van Reenen's Pass, anthu n'kugona m'magalimoto. Koma uko n'kumapiri a Drakensberg, osati kuno ku Magaliesberg.

Chimene chisanu chimachita kuno n'kuchepetsa mphamvu ya mpweya m'tayala, pafupifupi 0.1 bar kutentha kukatsika ndi madigiri 10. Tayala lofewa limadyeka m'mbali, limamwetsa mafuta ambiri, ndipo likagwera m'dzenje siliteteza limu. Mpweya uyezedwe m'mawa matayala asanatenthe, potsatira nambala yolembedwa pachitseko cha dalaivala kapena pakachitseko kothirira mafuta.

Nkhani yaikulu ndi mano a tayala. Lamulo la ku South Africa limafuna kuti akhale ozama milimita imodzi kapena kuposa, koma milimita imodziyo ndi yochepa. M'ngalande za tayala muli timizere totukuka ta milimita 1.6, mano akalingana nato, tayalalo latha. Pouma tayala losalala limayenda ngati labwino. Limadzaonekera poyera pa mvula yoyamba ya mu October, pamene fumbi ndi oilo wa miyezi yonse zasakanikirana ndi madzi, mabuleki n'kukana kugwira.

Amalawi ambiri a ku Joni amadalira matayala a kaunjika, ndipo m'pomveka, ndalama zimafunikanso kumudzi. Komabe asanalipire awerenge manambala anayi omalizira pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Tayala lakale, long'aluka kapena lotupa m'mbali alisiye pomwepo, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani.