Zitsime za pa Walwal: Mlandu Umene Oweruza Anauopa

Makolo athu anati fisi akafuna kudya mwana wake amamunamizira kuti akununkha mbuzi. Mwambi umenewu ukulongosola bwino zimene zinacitika pa Walwal, malo a zitsime m'cipululu ca Ogaden, kum'mawa kwa Ethiopia.

Masiku amenewo dziko la Italy linali kulamulira Eritrea ndi mbali ina ya Somaliland, maiko ocita malire ndi Ethiopia. Malire a ku Ogaden anali olembedwa pa pepala cabe, opanda zizindikiro pansi. Mu 1930 Ataliyana anamanga linga pa Walwal, ngakhale kuti malowo anali m'kati mwa Ethiopia. M'dziko louma lotere, wogwira citsime wagwiranso anthu ndi ziweto zao.

Mu Novembala 1934 kunafika nthumwi za Britain ndi Ethiopia zoyeza malire, zoperekezedwa ndi asilikali a Ethiopia. Asilikali a Cisomali olembedwa nchito ndi Italy anazitsekera njira. Angelezi poona kuti zinthu zaipa anacokapo, koma magulu awiri aja anakhala moyang'anizana kufikira pa 5 Disembala, tsiku limene mfuti zinalira. Ataliyana anabweretsa ndege ndi magalimoto a nkhondo, ndipo anthu a Ethiopia oposa 100 anafa.

Mfumu Haile Selassie inakatula mlanduwo ku bungwe la League of Nations ku Geneva. Koma oweruza analetsedwa kukhudza funso lenileni lakuti: kodi malowo ndi a yani? Mu Seputembala 1935 anagamula kuti palibe mbali yolakwa. Miyezi yonseyi Benito Mussolini, wolamulira Italy, anali kutumiza asilikali ndi zida, pofuna kufafaniza manyazi a kugonjetsedwa kwa dziko lake pa Adwa mu 1896.

Pa 3 Okutobala 1935 Italy anathira nkhondo Ethiopia, nagwiritsa nchito ngakhale mpweya wa poizoni. Addis Ababa anagwa pa 5 Meyi 1936. Mfumu inabwerera mu mzindawo pa 5 Meyi 1941, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, imene asilikali athu a Northern Rhodesia Regiment anamenya nao ku Somaliland.

Awerengi okondedwa, mkangano wa malire a munda ukafika pa bwalo, woweruza amene ati “nonse simunalakwe” cifukwa coopa munthu wamphamvu sanabweretse mtendere ai. Wangopatsa wamphamvuyo nthawi yonolera nkhwangwa yake.