Kufunafuna Zolemba za Akatswiri pa Intaneti: Chitsanzo cha Muloza

Wansembe wotumidwa ku Muloza, pamalire a Mulanje ndi Milange, sachedwa kuona kuti anthu ake ali ndi mbiri imene mabuku a ku seminale sanaifotokoze mokwanira. Ambiri ndi Alomwe, amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pothaŵa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nadzagwa m'thangata la m'minda ya Azungu. Kale wofuna kuŵerenga za zimenezi ankayenera kupita ku Zomba, ku nyumba ya mabuku ya Chancellor College kapena kosungira zolemba zakale za boma. Lero lamya ya m'thumba ikhoza kumfupikitsira ulendowo, malinga adziŵe kufunsa.

Chida chimene tikunena ndi Google Scholar, chimene chinayamba mu November 2004. Chimasiyana ndi Google wamba pakuti chimasanthula zolemba za anthu ophunzira: magazini a akatswiri, mabuku, ndi zimene ophunzira amalemba potsiriza maphunziro a ukachenjede. Kufufuzako nkwaulere.

Tsono vuto lalikulu lili pa maina. Makina saganiza ai. Amangofananiza mau amene tawapatsa ndi mau olembedwa. Tikalemba "Muloza" pokha, tidzapeza zambiri za chimanga chowoloka malire, koma za miyambo ya anthu zochepa. Tiyenera kukumbukira kuti atsamunda ankalemba "Mlanje", ndi kuti dziko lino linali Nyasaland kufikira 1964. Olemba akale ankatchula Alomwe ndi dzina lakuti "Anguru", limene eni ake amalimva ngati chipongwe. Sitilitchula paguwa kapena m'mudzi, komatu tikalileka pofufuza titaya zolemba za zaka zambiri. Za tsidya lija zinalembedwa m'Chipwitikizi, choncho tiyesenso "Milange" ndi "Zambézia". Mau otsekeredwa m'zizindikiro zogwira mau amafunidwa monga momwe alili, ndipo OR pakati pa maina aŵiri amabweretsa zonse ziŵiri.

Tikapeza buku limodzi lodalirika, ntchito yapepuka. Titenge Silent Majority la Robert Boeder (1984), lofotokoza mbiri ya Alomwe m'Malaŵi, kapena Magomero la Landeg White (1987). Pansi pa dzina la buku pali mau akuti "Cited by". Tikadina pamenepo tiona ambiri mwa amene analitchula pambuyo pake, ogwirizana nalo ndi olitsutsa omwe. Ife tikuona kuti njira imeneyi iposa zonse, chifukwa imationetsa mkangano wa akatswiri m'malo mwa liu la munthu mmodzi.

Kaŵirikaŵiri nkhani ikapezeka imafuna ndalama zimene parishi ya kumudzi ilibe. Tisafulumire kulipira. Tiyambe taona "All versions", pakuti mwina yunivesite ina inaiika poyera. African Journals Online, imene inayamba mu 1998, ili ndi nkhani zambiri zaulere. JSTOR, kumene kuli Society of Malawi Journal, imalola wolembetsa dzina kuŵerenga nkhani zingapo pamwezi osalipira. Ndipo mlembi mwini wake, akalandira kalata yaulemu, sakana kaŵirikaŵiri.

Abale aseminale achenjere pa chinthu chimodzi. Kuchuluka kwa otchula nkhani sikusonyeza kuti nkhaniyo njoona, ndipo alipo magazini ongofuna ndalama amene amasindikiza chilichonse popanda akatswiri ena kuchiyesa; Google Scholar imawasakaniza ndi abwino. Tifunse amene anasindikiza, ndiponso ngati mlembiyo anafikadi pakati pa anthu amene akuwafotokoza.

Mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'parishi, pamodzi ndi zimene amishoni ankalemba tsiku ndi tsiku, makinaŵa sazifikira. Zimenezo tikazipempha kwa bambo mfumu ndi ku likulu la dayosizi. Za chinamwali ndi maliro a Chilomwe tikafunsa akuluakulu a m'midzi.