Pulani ya pa Kompyuta Ikatsutsana ndi Tepi ya Mmisiri

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde akafika pa Songani amaona nyumba zatsopano za malata zikumera mbali zonse ziŵiri. Mapulani a zina mwa nyumbazi amajambulidwa pa kompyuta ndi mapulogalamu monga AutoCAD, imene inatuluka koyamba m'chaka cha 1982, kapena ArchiCAD. Koma zimachitika kuti mmisiri atakhoma zikhomo ndi kukoka chingwe, chipinda chimaoneka chaching'ono kuposa chimene mwini nyumba anapempha, ndipo mkangano umabuka simenti itagulidwa kale. Ambiri amathamangira kunena kuti kompyuta yalakwitsa, chonsecho kaŵirikaŵiri vuto limagona pa muyeso.

Wojambula amaŵerenga mamilimita, pamene amisiri ambiri amaganizabe m'mafiti ndi mainchi. Ngakhale malata amagulidwa potchula mafiti. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Kotero chojambula chimene chinayambidwa m'mainchi chikaloŵetsedwa mu pulani ya mamilimita popanda kusintha, chimachepa mpaka kuoneka ngati kadontho. Njira yachidule yodziŵira ndiyo kuyeza chitseko: chitseko cha mamilimita 900 chikaonetsa 35.4, ndiye kuti chili m'mainchi. Mu AutoCAD wojambula ayang'ane lamulo la UNITS asanalembe mzere ndi umodzi womwe, ndipo chimene chaloŵa molakwika achikulitse ndi SCALE, pa 25.4.

Vuto lonyenga koposa limabadwira kwa wosindikiza. Pulani ya nyumba imajambulidwa pa sikelo ya 1:100, kutanthauza kuti mamilimita 10 papepala ndi mita imodzi pansi. Tsono pepala lalikulu la A3 likasoŵa, wosindikiza, mwa mtima wake wabwino, amaipanikiza pulaniyo kuti ikwane pa A4. Akatero mzere uliwonse umafupika kufika pa 71 peresenti ya utali wake. Chipinda cha mamita 4, chimene chinayenera kukhala mamilimita 40 papepala, chimatsala ndi 28 okha, ndipo mmisiri woyeza ndi rula amakumba maziko a mamita 2.8. Bedi ndi kabati sizingakwanemo bwino, ndipo khoma lomangidwa silisuntha ndi madandaulo. Mankhwala ake ndi aŵiri: wojambula alembe nambala pa khoma lililonse, ndipo mmisiri atsate nambala zolembedwazo, osati rula. Mwini nyumba nayenso asanachoke kwa wosindikiza ayike rula pa khoma limodzi lodziŵika utali, aone ngati zikugwirizana.

Makulidwe a khoma nawo amaba malo mwakachetechete. Khoma la njerwa zootcha la mainchi 9 ndi pafupifupi mamilimita 230. Wojambula akayeza mamita 3 kuchokera pakati pa khoma kufika pakati pa linzake, mkati mumatsala mamita 2.77, pulasitala asanapakidwe. Chifukwa chake mwini nyumba anene poyambirira ngati adzamangira njerwa kapena mabuloko a simenti, pakuti makulidwe awo ndi osiyana.

Kuzima kwa magetsi kuli ndi pothaŵira pake. AutoCAD imadzisungira yokha ntchito mphindi 10 zilizonse ngati wojambula sanasinthe, imasiyanso fayilo yothera ndi .bak imene ikasinthidwa dzina kukhala .dwg imatsegukanso. Fayilo yoonongeka imakonzedwa ndi lamulo la RECOVER.

Chimene kompyuta siingadziŵe payokha ndi nthaka. Imajambula pabwalo losalala ngati tebulo, pamene malo ambiri m'chigwa cha Domasi ndi otsetsereka, ndipo madzi a mvula amatsika ndi mphamvu kuchokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa. Namondwe Freddy, amene anagwetsa nyumba zambiri m'chigawo cha kumwera mu March 2023, anaonetsa zimene madzi amachita pa maziko otsika. Wojambula ayenera kufika yekha pa malopo, kapena kutuma mmisiri kuti ayeze kutsetsereka kwa ngodya zinayi ndi paipi yoonekera mkati yodzaza madzi. Nambala zimenezo ndizo zidzasonyeza mbali imene maziko ayenera kukwezedwa ndiponso kumene ngalande iyenera kuloza.