Chithupsa chosatentha chikhoza kukhala TB

Ndikauza munthu kuti chotupa chimene wabwera nacho pakhosi kapena m'mphechepeche ndi TB, yankho lake ndimalidziwiratu: "Koma adokotala, ine sinditsokomola." Sanama ayi. Mapapo ake akhoza kukhala abwinobwino. Kachilombo ka TB, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882, kamalowera m'mapapo, koma magazi amatha kukatenga n'kukakatula m'mafupa kapena m'anabere. Kumeneko kamangokhala phee, mwina zaka zambiri, mpaka chitetezo cha m'thupi chitatsika chifukwa cha HIV, shuga, njala kapena ukalamba.

Chithupsa wamba tonse timachidziwa. Chimatentha, chimafiira, chimawawa moti tulo sitibwera, ndipo pakatha masiku ochepa chimapsa n'kuphulika. Cha TB n'chosiyana. Chimakula pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi, ukachigwira sichitentha, ndipo sichiwawa kwenikweni. N'chifukwa chake anthu amachedwa kubwera kuchipatala: chinthu chosapweteka ndani angachiwonongere ndalama ya minibasi? Mafinya ake nawonso ndi achilendo, amadzimadzi okhala ndi timibulu toyera ngati chambiko.

Chimene chimasokoneza ngakhale ife achipatala n'chakuti pamene patupa si pamene pali nthenda nthawi zonse. TB ikadya mafupa a msana, mafinya amasowa potulukira. Ndiye amatsetsereka motsatira mnofu wautali umene umachokera m'mbali mwa msana, kudutsa kuseri kwa matumbo, mpaka kukafika kumtunda kwa ntchafu. Munthu amabwera akuloza m'mphechepeche, ena n'kumuuza kuti ndi chophuka, chikhalirecho gwero lili kumsana. Ndikaona chotupa chotere ndimamutembenuza wodwalayo n'kugogoda msana wake fupa ndi fupa, kenako ndimafunsa ngati msana wakhala ukumuwawa usiku, ngati akuwonda, ngati amadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, analemba za nthenda ya msana imeneyi mu 1779, ndipo zimene anaona ndi zomwe tikuonabe: mafupa akaphwanyika, msana umatuluka linunda ndipo miyendo imatha kufa ziwalo. Chimodzimodzinso TB ya m'nthiti, imaonekera ngati chotupa chofewa pachifuwa.

Apa ndiye pali pempho langa lalikulu: chithupsa chotere musachitumbule ndi lezala, musachitemere mphini. Chithupsa wamba ukachiboola mafinya n'kutha, chimapola. Cha TB chimasiya kabowo kamene kamangochucha miyezi ndi miyezi, n'kulowetsanso tizilombo tina. Makapisozi ogula pagolosale nawo sathandiza. Amoxicillin sakapha kachilombo aka, ndipo mankhwala ngati ciprofloxacin amangokafooketsa pang'ono, n'kuchititsa kuti tikamayeza kavute kupezeka.

Ife timayamba ndi kukoka mafinya pang'ono ndi jekeseni, kulasa pambali pomwe khungu lili lolimba. Mafinyawo amapita ku labotale. Kale tinkadalira maikulosikopu, koma m'mafinya otere tizilombo timakhala tochepa, choncho kawirikawiri sitinkaoneka. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010, amafufuza chibadwa cha kachilomboko ndipo amatulutsa zotsatira m'maola awiri okha, n'kunenanso ngati kali kosamva rifampicin, amodzi mwa mankhwala a TB. Timajambulanso chifuwa ndi msana, ndipo timapempha kuyeza HIV. Ena zimawakhumudwitsa, koma mankhwala a TB ndi ma ARV amafunika kuwalinganiza, mwachitsanzo kuwonjezera mlingo wa ARV yotchedwa dolutegravir.

Mankhwala ake ndi omwe aja a TB ya m'mapapo, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Miyezi iwiri yoyamba mumamwa mitundu 4 yophatikizidwa m'piritsi limodzi, miyezi 4 yotsatira mitundu iwiri. Ikakhala ya msana timatalikitsa, nthawi zambiri mpaka miyezi 9 kapena 12. Mkodzo ukasanduka wofiirira musaope, ndi rifampicin. Amayi amene ali pa mapiritsi olerera kapena njira ya pamkono atiuze, chifukwa mankhwala omwewo amachepetsa mphamvu ya njirazi. Nthawi zina chotupa chimayamba chakula kaye m'milungu yoyamba ya mankhwala. Ambiri amataya mtima pamenepa n'kubwerera kwa asing'anga, pomwe kawirikawiri chimakhala chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chadzuka. Bwerani tidzaone, tikoke mafinya ngati pakufunika, koma mankhwala musasiye.

Achibale amafunsanso ngati wodwalayo azidya m'mbale yakeyake. Ngati mapapo ake alibe TB, sangakupatsireni pokhala naye nyumba imodzi, ndipo TB siyenda m'mbale. Mukhale naye, mumudyetse bwino.

Ngati inu kapena mwana wanu ali ndi chotupa chosatentha chimene chatha milungu itatu, ndipo mankhwala wamba alephera, pitani kuchipatala mukanene nokha kuti mukufuna mafinyawo ayezedwe TB.