Chivomerezi cha ku Salima chinafika bwanji kuno ku Dedza?

Inu obadwa 2000 itadutsa, tafunsani akuluakulu kwanuko za pa 10 Malichi 1989. Usiku umenewo chivomerezi champhamvu yopitirira 6 chinayambira cha ku Salima. Anthu 9 anamwalira, ndipo pafupifupi 50,000 a ku Salima, Dedza ndi Mchinji anasowa pogona. Amayi anga amati anayamba kumva kulindima ngati thiraki ya kachewere ikudutsa pa M1, kenako m'pamene mbale zinayamba kugwa.

Sikuti amakometsera nkhani ayi. Miyala ikathyoka pansi pa nthaka, mphamvu yake imamwazika ngati mafunde, ndipo mafundewo sayenda liwiro limodzi. Otsogola, otchedwa P, amapanikiza mwala n'kuumasula motsatizana, ndipo amathamanga pafupifupi makilomita 6 pa sekondi. Kulindima kuja ndi amenewa. M'mbuyo mwake mumabwera a S, ogwedeza nthaka cham'mbali, pa makilomita 3.5 pa sekondi; awawa m'madzi sadutsa. Otsiriza amayenda pamwamba penipeni pa nthaka, ochedwa koma nkhanza, ndipo kawirikawiri ndi amene amang'amba makoma.

Ndiye tawerengani. Kuchoka ku Salima kufika pa Boma pano, osatsata msewu, ndi makilomita pafupifupi 70. A P amafika m'masekondi 12, a S m'masekondi 20. Masekondi 8 apakatiwo ndi ochepa, inde, koma amakwana kunyamula mwana n'kulowa pansi pa tebulo lolimba. Akatswiri a Geological Survey ku Zomba amagwiritsa ntchito mpata womwewu podziwa kutalika kwa pomwe chayambira.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi cha kunsi kwa phiriku. M'munsi mwa chitunda chotsikira ku Golomoti mwadutsa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100. Ukadzathyoka umenewo, mpata uja udzangokhala masekondi owerengeka chabe.

Nthaka nayo ili ndi mbali yake. Kumtunda kuno nyumba zambiri zakhala pafupi ndi mwala wouma, pomwe ku Mtakataka ndi m'mbali mwa nyanja kuli mchenga ndi dothi lofewa. Mafunde akalowa mofewa amachepetsa liwiro koma amakula, ngati phala m'mbale ukagunda tebulo. Tisanyade nazo aise: kudambo n'chimodzimodzi, ndipo mapuloti akudambo ndi omwe achinyamatafe tikuthamangira poti ngotchipa, n'kumangapo ndi zidina ndi matope, popanda ngakhale ring beam.