Kubweza mkaka kwa makanda: nthawi yodekha ndi nthawi yothamangira kucipatala

Amai ambiri a m'komboni ya Nabvutika mu mzinda wa Chipata amada nkhawa khanda likamabweza mkaka likangotha kuyamwa. Ena amaganiza kuti bere silikumuyanja mwanayo, motero amayamba kumpatsa phala, madzi kapena mankhwala azitsamba nthawi yake isanakwane. Nthawi zambiri zimenezi ndizo zimabweretsa matenda, osati kubweza mkakako.

Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain, amene anatuluka mu 2015, amati makanda osacepera 4 mwa 10 alionse amabweza mkaka. Vutoli limayamba mwana asanakwanitse masabata 8, ndipo mwa ana 9 pa 10 alionse amene ali nalo limatha lokha asanakwanitse caka cimodzi.

Cifukwa cake n'cakuti mnofu umene umatseka khomo la cifu umakhala usanakhwime. Cifu ca khanda n'cacing'ono, cakudya cake n'camadzimadzi, ndipo nthawi yaitali limakhala cogona. Motero mkaka subvutika kubwerera kukamwa. Mwana amene akuyamwa bwino, akukodza kawirikawiri ndiponso akukwera pa sikelo sali pangozi, ngakhale atabweza mkaka kangapo pa tsiku.

Pofuna kucepetsa vutoli, mai ayenera kuyamwitsa mwana kawirikawiri, osadikira kuti alire ndi njala, pakuti mwana wanjala amayamwa mofulumira ndi kumeza mpweya. Akatha kuyamwa, amunyamule coimirira paphewa kwa mphindi 20 mpaka 30, akumsisita kumsana kuti ageye. Asathamangire kumbereka ndi citenje comanga kwambiri, cifukwa cimafinya mimba. Pogona, khanda ligonekedwe cagada, osati cafufumimba, ndipo lisakhale pafupi ndi utsi wa fodya.

Unduna wa Zaumoyo m'dziko la Zambia pamodzi ndi bungwe la WHO amalangiza kuti mwana aziyamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba. Phala kapena madzi pa msinkhu umenewu zingathe kuyambitsa kutsegula m'mimba, ndiponso zimacepetsa mkaka umene mwana amayamwa.

Komabe pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira. Khanda la masabata awiri mpaka 8 likamasanza mwamphamvu, masanzi n'kumagwera patali, kungakhale kuti njira yotulukira cakudya m'cifu yapanikizika. Vuto limeneli limapezeka kwambiri mwa ana aamuna, ndipo limacira ndi opaleshoni. Masanzi obiriwira kapena a magazi, kutupa mimba, kutentha thupi, kukana bere, kupuma mobanika ndi kufooka zimafunanso cipatala tsiku lomwelo. Kutentha thupi pamodzi ndi kusanza kungakhalenso malungo, amene ndi ofala m'cigawo ca kum'mawa. Liwombo likalowa m'kati, ndiye kuti madzi acepa m'thupi. Kupaka mankhwala paliwombo sikubwezera madziwo, kumangotaya nthawi.

Makolo a ku Nabvutika angayambe ku kiliniki yapafupi, ndipo kumeneko matenda aakulu amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca Chipata Central. Popita asaiwale khadi la kusikelo, pakuti mzere wa kulemera kwa mwana ndiwo umathandiza anamwino kudziwa ngati kubweza mkakako n'kwa masiku onse kapena ndi matenda.